Mayi Wowerenga Theka

Amene simunafikeko ku Ufumu wa Tilandire musadandaule, mudzafikako tsiku limene mudzafune kanthu. Ndi dziko laling'ono, lachonde, la anthu akhama pa khasu, koma mbewu imene akuluakulu ake ankaidalira kwambiri sinali chimanga kapena fodya. Inali mapempho. Chaka ndi chaka abwenzi a kutsidya kwa nyanja ankathira thandizo lawo mu Nkhokwe ya Chifundo, ndipo aliyense wofuna mjigo, denga la sukulu kapena dipi ya ng'ombe ankalemba pempho n'kukalisiya ku Unduna wa Zopempha, mumzinda waukulu wa Bweraninso. Mzindawo unatenga dzina lake ku mawu amene munthu ankamva akagogoda pa ofesi iliyonse.

Mu undunawo, m'kachipinda koyandikana ndi chimbudzi, munkagwira ntchito Mayi Rozina Chimwaza, wosanthula mapempho. Rozina ankawerenga pempho, n'kuona ngati chopemphedwacho chili chanzeru ndiponso chotheka, kenako n'kulemba ndi bolopeni yofiira kuti "Lilandire" kapena "Lidikire". Inali ntchito ya theka la tsiku. Ndalama zolembera munthu wa tsiku lonse zinalipo ndithu, koma anagulira mpando wozungulira wa nduna yake, Olemekezeka a Chidindo, omwe msana wawo unali nkhawa ya fuko lonse. Motero Rozina ankalowa seveni koloko m'mawa, dzuwa likafika paliwombo n'kuvula nsapato zagogoda, kumanga chitenje, ulendo ku Msika wa Tsitsaniko kukagulitsa kaunjika.

Atangoyamba ntchito, Rozina anachita cholakwa chimene mlendo aliyense amachita: anadandaula. Anati mapempho akuchuluka, theka la tsiku silikukwana. A Chidindo anaitengera nkhaniyo ku Bwalo la Nduna, ndipo bwalolo linakabindikira masiku anayi ku hotela ya pamwamba pa phiri. Nkhuku za m'midzi yozungulira zinaona zakuda sabata imeneyo. Potsika paphiripo nduna zinatsika ndi lamulo lodindidwa zidindo zitatu: "Popeza wosanthula mapempho amagwira ntchito theka la tsiku, aziwerenga theka la pempho lililonse." Zinadziwombera m'manja, lamulo linakhomedwa pakhoma pamwamba pa mutu wa Rozina, ndipo vuto linatha.

Tsono ku Tilandire munthu sapempha asanapereke ulemu. Mwambo wa kumeneko, wochokera kwa makolo, unali wakuti pempho likhale la masamba khumi: asanu oyamba otamanda mfumu, asanu otsiriza onena chimene chikukuwawa. Ndiye kwa zaka ziwiri Rozina anakhala akuwerenga matamando okhaokha. Anadziwa kuti Mfumu Mundiyamike Wachiwiri ndi Njovu Yoponda Mofatsa, ndi Mvula Yosaphonya Tsiku, ndi Mthunzi Wosasuntha Ngakhale Dzuwa Lipendeke. Wotamanda bwino ankalandira. Bungwe la mlamu wawo wa a Chidindo linalandira katatu konse, chifukwa linalemba ganyu mlakatuli. Lachisanu lililonse Rozina ankasankha matamando okoma kwambiri a sabatayo n'kuwatumiza ku nyumba yachifumu, kuti mfumu iziwamva ikamamwa tiyi.

Tisamunamizire Rozina kuti mtima unkamupweteka. Sunkamupweteka ayi. Wamkachisi amadya zamkachisi, ndipo kamalipiro ka theka la tsikuko ndi kamene kankasunga ana ake awiri pasukulu. Komanso ofesiyo inali ndi fani yopemerera mphepo, chinthu chimene ku Tsitsaniko kunalibe.

Pamsikapo, benchi la Rozina linali moyang'anana ndi la Anangondo, mayi wachikulire wogulitsa tomato. Anangondo kwawo kunali ku Atiiwala, mudzi wa kutsidya kwa mtsinje wa Kokolola, kumene kunkachokera tomato yense wa mumzindawo. Pa Kokolola panalibe mlatho. M'chilimwe amayi ankangokweza zitenje n'kuwoloka, koma m'dzinja mtsinjewo unkasintha mtima. Dzinja lapitalo unawatenga Anangondo ndi dengu lomwe, n'kukawasiya atakakamira muzu wa mkuyu, ndipo anachita kuwavuula amuna atatu ndi chingwe cha ng'ombe. Chaka chinacho unatenga mtsikana wina woyembekezera, ndipo ameneyo anamupeza patapita masiku atatu.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, Anangondo anamudikira Rozina kuti ayale kaye malonda ake.

"Rozina mwananga, kalata yathu yopempha mlatho ija inafika kwanuko?"

"Inafika, amayi."

"Nanga?"

"Ikudikira."

"Ikudikira ndani? Mvulatu sidikira munthu."

Rozina anayamba kupinda shati imene anali ataipinda kale. Ankalikumbukira bwino pempholo. "Matamando anu anali osakolera mchere, amayi. Musandide, ndi mmene timayezera."

"Aa, tinayesetsatu ife," anatero Anangondo. "Tinakhala pansi amayi khumi ndi awiri kufunafuna chowayamikira amfumuwo. Wina anati ndi aatali. Wina anati sitinamvepo kuti aluma munthu. Basi, nzeru zinathera pomwepo. Kuti masamba asanu adzaze tinachita kulemba zilembo zikuluzikulu ngati mbatata. Koma za mtsinjezo tinalemba bwino, tinakayeza tokha. Unaona?"

"Kumeneko sindifikako, amayi. Lamulo limati ndiziwerenga theka."

Anangondo anabwezera pamulu tomato amene anali m'manja mwawo, n'kupukuta zala pa chitenje. "Ohoo! Iwe wemwe, amene umawauza makasitomala kuti atembenuze diresi aone m'khwapa asanagule? Kuofesi umagula utaona kolala yokha?"

Amayi a mabenchi oyandikana anaphulika nako kuseka. Rozina anasekanso nawo, koma manyazi anamugwira kwambiri, ndipo tsiku limenelo anaweruka msanga.

M'mawa mwake anaima pansi pa lamulo lija n'kuliwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. Linati theka. Silinanene kuti theka liti. Anatseka chitseko, anagwira mulu wa mapempho n'kuugoneka chafufumimba, ndipo anayamba kuwerenga masamba akumbuyo.

Zimene anapeza kumeneko zinamuchititsa kakasi. Bungwe la mlamu wa nduna, pa masamba asanu onsewo, linalemba mzere umodzi wokha: "Zina tidzakambirana." Bungwe lina linkafuna thandizo lochititsira misonkhano yophunzitsa anthu ubwino wa misonkhano. Lina linkapempha galimoto yoti lizikaonera ngati galimoto imene linalandira chaka chatha ikuyenda bwino. Koma panalinso mapempho a anthu ovutikadi, olembedwa pa mapepala ong'ambidwa m'makope a ana, ndipo pakati pawo panali la amayi a ku Atiiwala.

Amayiwo analibe tepi yoyezera, choncho anauyeza mtsinje ndi zitenje ndi nsungwi. "Kokolola akadzaza," analemba motero, "kukula kwake ndi zitenje makumi awiri. Zitenje zisanu za mbali yathu madzi amalekeza m'mawondo. Zisanu za mbali yanu chimodzimodzi. Khumi zapakati ndi zimene zimadya anthu." Analembanso pamene pali thanthwe loti mizati ingaimepo, ndi mayina a anthu amene adzatute mchenga ndi miyala mwaulere. Pa zaka ziwiri zonse Rozina anali asanawerengepo chinthu chomveka chotere. Anatenga bolopeni yofiira, anakhwacha "Lidikire" n'kulemba "Lilandire". Ankadziwa kuti mawu amenewo adzamufunsa nawo.

Anawerenga kumbuyo masabata atatu. Sabata yoyamba ku nyumba yachifumu sikunapite matamando, yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatuyo mfumu inabweza tiyi osamwa. Apa n'kuti mlamu wawo wa a Chidindo ataona "Lidikire" koyamba m'moyo wake, ndipo a Chidindo atazungulira pampando wawo kangapo konse ndi ukali. Rozina anaitanidwa ku bwalo.

Mfumu Mundiyamike sinali mfumu yankhanza. Inali yaitali ndithu, monga anaonera amayi a ku Atiiwala, yofatsa, ndipo vuto lake linali limodzi lokha: ikapanda kumva dzina lake m'kamwa mwa ena, inkayamba kukayika ngati ilipo. Tsikulo inakhala pampando wake ili yofooka, nduna makumi atatu zitaizungulira. Rozina anagwada pa simenti n'kuwomba m'manja.

A Chidindo anaimirira n'kulankhula ola lathunthu. Anati chikhazikitsireni ufumuwu sizinachitikepo kuti wantchito wa boma alumphe ulemu n'kuthamangira mavuto. Anati dziko lowerenga mavuto ake ndi dziko lodzichotsa ulemu. Anati izi zikalekereredwa, mawa anthu adzayamba kulowa m'nyumba za eni osanena odi. Za mlamu wawo sanatchulepo.

Mfumu inakweza dzanja. "Mayi Chimwaza, n'zoona kuti masabata atatu athunthu palibe amene wawerenga kuti ndine Njovu?"

"N'zoona, Mfumu yanga."

"Ndiye masiku onsewa ndakhala ndili chiyani?"

Bwalo lonse linatembenukira kwa Rozina. Iye anawombanso m'manja. "Njovu imakhalabe njovu ngakhale asailembe, Mfumu yanga. Ine ndinangotsata lamulo. Limati theka, silinena kuti theka liti."

Nduna ya Malamulo inatuma munthu kukazula lamulolo pakhoma. Inaliwerenga itavala magalasi, inaliwerenganso itawavula, kenako inanena mwachisoni kuti mayiyu sakunama.

"Kodi kumbuyoko kumalembedwa chiyani?" inafunsa mfumu.

Nduna zinayang'anana. Panalibe ndi imodzi yomwe imene inafikako. Choncho Rozina, ali chigwadire, anawerenga pempho la ku Atiiwala, zitenje zake, nsungwi zake, ndi dzina la mtsikana amene anapita ndi madzi. Atamaliza, mfumu inatembenukira kwa nduna zake.

"Kodi tili ndi mudzi wotchedwa Atiiwala?"

Nduna ya Mapu inati ikafufuza.

"Tomato wa m'ndiwo zanu amachokera kumeneko, Mfumu yanga," anatero Rozina.

"Tomato wokoma uja? Apatseni mlatho wawo."

A Chidindo anaona kuti nkhani ikulowera kolakwika, koma unduna sanaupeze ali m'tulo. "Mfumu yalankhula, ndani angatsutse? Koma chilungamo chiyende mbali zonse. Pempholi lawerengedwa theka. Tikapereka mlatho wathunthu pa pempho lowerengedwa theka, tidzawauza chiyani abwenzi athu akunja? Alandire theka la mlatho. Thandizo lotsalalo lipite ku misonkhano yowunika mmene thekalo likuyendera."

Nduna zonse zinawomba m'manja, pakuti zinamva mawu oti misonkhano. Mfumu, imene sinkadziwa kutsutsana ndi anthu owomba m'manja, inagwedeza mutu kuvomera. Rozina yekha sanawombe nawo m'manja. Theka la mlatho! Akawauza chiyani Anangondo?

Kenako kunabuka mkangano wakuti amange theka liti. A Chidindo anati liyambire mbali ya mzinda, kuti pa tsiku lotsegulira mfumu isadzadetse nsapato. Nduna ya Midzi inati liyambire kutsidya, popeza kumeneko palibe amene adzapite kukaona ngati lamangidwadi. Anakangana mpaka mawu kusasa. Rozina anali akuyang'ana pepala limene linali m'manja mwake, zisanu, khumi, zisanu, ndipo anangozindikira waliika pansi, akuwomba m'manja kupempha mpata.

"Mfumu yanga, ine wantchito wanu ndikupempha theka lapakati."

"Lapakati?"

"Inde. Mukamanga la mbali ino, a kutsidya adzati mfumu imakondera a mumzinda. Mukamanga la kutsidya, a mumzinda adzadandaula. Koma lapakati silikhudza mbali iliyonse. Ndiponso milatho yoyambira kumtunda mfumu iliyonse ili nayo. Woima wokha pakati pa madzi sindinamvepo kuti mfumu ina inamangapo."

Nkhope ya mfumu inawala koyamba pa masabata atatu. "Mlatho wosakondera," inatero, ikuwalawa mawuwo. "Lembani zimenezo."

A Chidindo anafunafuna cholakwika koma sanachipeze, chifukwa mlatho wosafika kumtunda unkaoneka wopanda ntchito mokwanira kuti usawadetse nkhawa. Koma mlandu suwola, ndipo wa ulemu uja unali pomwepo. Bwalo linagamula kuti Rozina awerenge mokweza matamando onse amene anawalumpha, akamaliza atule pansi bolopeni yofiira. Lamulo linakonzedwa kuti lizinena kuti "theka loyamba", ndipo ntchitoyo anapatsa mphwawo wa a Chidindo.

Anawerenga masiku asanu ndi limodzi, mfumu ikumwa tiyi mwamtendere. Tsiku lomaliza anatuluka nsapato zagogoda zili m'jumbo, ndipo panjira analira ndithu poganiza za ana ake ndi sukulu yawo. Anapukuta misozi asanakhotere ku mabenchi a tomato.

"Theka lapakati?" anafunsa Anangondo atamva zonse. Anatsinzina, milomo ikuwerenga zitenje. Kenako anaseka mpaka kugwira benchi. "Mwana iwe ndiwe mfiti! Nanga ntchito?"

"Yatha, amayi."

Kuseka kunawathera. Koma kuyambira sabata imeneyo amayi a ku Atiiwala anazindikira mwadzidzidzi kuti ana awo onse alibe malaya, ndipo kuti malaya abwino pamsika ponse ali pa benchi limodzi lokha.

Mlatho unamangidwa mu Okutobala mtsinje utaphwa: mizati inayi pa thanthwe lija, pamwamba pake simenti yoyendapo, osakhudza mtunda uliwonse. Lamlungu anthu a ku Tsitsaniko ankapita kukauona. Wogulitsa makala anati boma layamba kuganizira akhwangwala, lawamangira pochezera. Wometa tsitsi anati ndi mlatho wolimba kuposa yonse m'dzikomo, chifukwa palibe amene adzauwononge poyendapo. Pa tsiku lotsegulira mfumu inakwera ndi makwerero, nduna ziwiri zitagwira kunsi, inadula riboni, ndipo a Chidindo analankhula za chitukuko chosayang'ana nkhope mpaka amayi awiri a kwaya anakomoka ndi dzuwa.

Fumbi la magalimoto lisanathe, anthu a ku Atiiwala anatulukira ndi mabulugamu pamapewa. Amayi anatuta miyala, amuna anakumba mayenje m'malo osaya aja, ndipo a kumsika nawonso anabwera ndi misomali, wamakala ndi wometa uja ali patsogolo. Pa masabata awiri mlatho wosakondera unali utafika mbali zonse, simenti pakati, mitengo uku ndi uku. Palibe nduna imene inadzaona, chifukwa zonse zinali ku hotela ya paphiri kuwunika mmene thekalo likuyendera.

Mvula yeniyeni inagwa mu Disembala, masiku awiri osakata. Itakata m'mawa, Rozina anafika pamsika n'kupeza mabenchi a tomato alibe munthu. Zaka zonse zinkatero: mvula ikagwa chonchi tomato ankasowa sabata yathunthu, ndipo anthu ankangodikira kumva kuti chaka chino watengedwa ndani. Anayamba kumasula belo lake la kaunjika, n'kulekeza panjira. Nanga ngati mabulugamu aja akokoloka? Nanga ngati amayiwo analakwitsa poyeza, ndiye kuti iye ndi bolopeni yake wawatumiza pakati pa mtsinje? Mantha anamugwira. Anasiya belo kwa wamakala n'kuthamangira ku Kokolola.

Mtsinje unali wofiira, ukulira, utanyamula zitsa ndi nthochi zozuka. Madzi ankanyambita mabulugamu, koma mitengoyo inali chilili. Kutsidya kunali mzere wa amayi, madengu pamutu, palibe wofuna kuyamba. Kenako mmodzi anatuluka pamzerewo n'kuponda mtengo woyamba. Rozina anawadziwa ali patali, chifukwa chichokere dzinja lija Anangondo ankayenda motsimphina.

Rozina sanadikire. Anakwera mbali yake, ndipo anakumana pakati penipeni, pa simenti, madzi akuwinduka pansi pawo. Anangondo thukuta linali kamukamu ngakhale kunkazizira. Anagwira dzanja la Rozina mwamphamvu mpaka kupweteka, ndipo kumbuyo kwawo amayi ena anali atayamba kubwera mmodzimmodzi.

"Tiyeni, amayi, tisaime pano."

"Dikira kaye, mwananga. Ndili ndi mawu."

Anangondo anasendera m'mphepete, dengu lili pamutu, n'kuyang'ana pansi pamene madzi ankazungulira. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Kokolola," anatero, "lero ugona ndi njala."